Kusankha boti lopirira Mwera pa Nyanja ya Malawi

Chaka chilichonse msika wa fodya ukangotsegulidwa, foni yanga siipuma. Wina wagulitsa mabelo ake, wina walandira za penshoni, wina mwana wake wa ku Joni wamutumizira kandalama koti ayambire geni ya nsomba. Funso limakhala limodzi: "Achimwene, ndapeza boti lotsika mtengo, kodi lingapirire Mwera?" Kenako chithunzi chimafika pa WhatsApp. Boti lili pamchenga, penti wabuluu akuwala, mwini wake waima pambali. Ndimayankha chimodzimodzi nthawi zonse, kuti chimene chimamiza anthu sichioneka pa chithunzi. Choncho ndalemba kamodzi zonse zimene ndimanena pafoni, kuti muziwerenge modekha musanatulutse ndalama.

Ndikunena za boti la matabwa kapena la faiba, lotalika mamita 7 mpaka 10, lopanda denga, loyenda ndi injini yomangirira kumbuyo, lophera nsomba ndi ukonde wa chilimira, matchera (maukonde otchera m'madzi) kapena mbedza. Zombo zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja ndi nkhani ina.

1. Yambani mwadziwa madzi amene mukaphemo

Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 560 kuchokera ku Mangochi kukafika ku Karonga ndi kupitirira, ndipo chakumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto, ndipo apa m'pamene pagona nkhani ya Mwera. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, imene imaomba nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Imatsata utali wa nyanja popanda chotchinga, ndiye funde limene layamba laling'ono ku Monkey Bay likamafika ku Nkhata Bay, ku Usisya kapena pakati pa Likoma ndi mtunda limakhala lakula kuposa msinkhu wa munthu. Mwera ukayamba sutha tsiku limodzi, umatha kuomba masiku atatu kapena anayi osapuma.

Palinso Mpoto, wochokera kumpoto nthawi ya dzinja, umene umadza mwadzidzidzi pamodzi ndi mitambo ya mvula. Vuma amachokera kum'mawa nyengo yotentha, kawirikawiri m'mamawa, ndipo kwa ife a gombe la Salima ndi Nkhotakota amatimenya kumbuyo pamene tikubwerera kumtunda titadzaza.

Mafunde a nyanja ino ndi oimirira komanso oyandikana. Boti lisanatsike pa funde loyamba, lachiwiri lafika kale pamphuno. Musadalire kukula kwa boti kapena utsopano wake: sitima ya Vipya inali yachitsulo, yatsopano, koma inamira pa namondwe pa 30 Julayi 1946 pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafera pomwepo. Unali mwezi wa Mwera.

Ndiye dzifunseni: ndikaphera kuti, patali bwanji ndi mtunda, nanga doko langa lili ndi pobisala? Doko ndi malo amene maboti amakocheza ndi kutsitsa nsomba. Lina limakhala kuseri kwa phiri kapena chilumba, lina lili pambalambanda moti mafunde amasweka pamchenga pomwe. Boti limene limachita bwino ku Malombe kapena ku Chilwa, kumene madzi ndi osaya, nthawi zambiri limakhala lafulati pansi ndi lalifupi m'mbali. Ndi labwino kwawoko, koma musalibweretse ku Senga Bay mwezi wa Juni.

2. Werengani katundu musanaone boti lililonse

Tengani pepala. Ambiri amaganiza za nsomba zokha, kuiwala kuti boti limachoka pagombe lili lolemera kale.

Chilimira, ukonde waukulu wozinga usipa ndi utaka pakati pa nyanja, chimafuna anthu pafupifupi khumi. Mukawerengera munthu aliyense makilogalamu 65, ndiye 650 musanaike kanthu. Onjezani injini, zigubu za petulo, nyali ndi mabatire, nangula ndi chingwe chake, ndi ukonde womwewo uli wonyowa, chifukwa wouma ndi wonyowa salemera mofanana. Ngati mudzanyamula mabwato mopingasa pamwamba pa boti popita kokaphera, monga amachitira ambiri kuti siginala akakhale ndi lake, awerengereninso. Siginala ndi uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali usiku, kukopa usipa ndi kuuza anzake nthawi yoponya. Mabwato amenewa ndi katundu woipitsitsa chifukwa amakhala pamwamba, ndipo cholemera chikakhala pamwamba boti limapendekeka msanga.

Pomaliza ikani nsomba za usiku wabwino kwambiri umene mungaulote, osati wa tsiku ndi tsiku. Ndowa ya malita 20 yodzaza muiwerengere makilogalamu 20. Palibe msodzi amene amasiya usipa m'madzi poti boti ladzaza, ndiye werengerani tsiku la dyeralo.

Mukaphatikiza, gawani ndi 50 kuti mudziwe kuti ndi matumba angati a chimanga. Nambala imeneyi muisunge, tiigwiritsa ntchito pa sitepe 5.

3. Onani kapangidwe: kutsogolo, pansi ndi kumbuyo

Imani kutsogolo kwa boti, mugwade, muliyang'ane monga limaonedwera ndi funde. Mphuno ikhale yokwera kuposa pakati, yosongoka pansi kuti izing'amba madzi, koma yotambasuka chakumwamba kuti madzi azigwera kunja. Mphuno yoongoka ngati khoma imalowa m'funde n'kutunga madzi. Ngati kutsogolo kuli kadenga ka matabwa kotalika ngakhale mita imodzi, ndi phindu lalikulu.

Pansi pafulati kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo pamamenya madzi ngati chikwanje chafulati, ndipo kumenyako n'kumene kumasula misomali. Pansi posongoka kwambiri mpaka kumbuyo napo pamachititsa boti kundenguma likaima, pamene anthu akukoka ukonde. Chimene mukufuna ndi chosongoka kutsogolo, chonka chitambasuka pofika pakati ndi kumbuyo.

Tsopano kumbuyo, kumene ogula ambiri sayang'ana n'komwe. Thabwa lakumbuyo, pamene pamamangidwa injini, ndi malo otsika kuposa ena onse. Anthu ena amalidula kuti injini ya mwendo waufupi ifike m'madzi. Boti lotero likamathawa mphepo, kapena likaima chofulatira mafunde pokoka ukonde, madzi amalowera pomwepo. Funani lomwe thabwa lake silinadulidwe, ndipo ngati n'kotheka pakhale thabwa lachiwiri patsogolo pa injini, lokwera mofanana ndi mlomo wa boti, m'mphepete mwake mwa pamwamba, loti madzi olowera kumbuyo azithera pamenepo.

Mipando yopingasa si yokhalapo chabe, ndiyo imagwira mbali ziwiri za boti kuti zisatambasuke. Ngati wina anaichotsa pofuna malo a ukonde, botilo lafooka.

4. Fufuzani matabwa ndi misomali

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Penti watsopano pa boti lakale ndimamuopa, ndipo ndili ndi chifukwa.

Boti langa lachiwiri ndinaligula mu Okutobala, masana nyanja ili zii. Linali lopakidwa bwino, ndinalizungulira kawiri, ndinalipira. Miyezi yonse ya dzinja linagwira ntchito. Usiku wina mu Juni tikubwerera ndi usipa, Mwera unatipeza tikadali kutali, nyali za kumtunda zikuoneka ngati ziphaniphani. Madzi anayamba kufika m'akakolo, kenako m'misongolo. Anyamata awiri ankakapa ndi ndowa osapuma koma madzi osatsika. Ndinalamula kuti titaye nsomba, ndipo tinataya ndowa ndi ndowa za usipa wa usiku wonse. Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, anali m'botimo, ndipo njira yonse ndinkangoganiza zimene ndikanene kwa mayi ake. Tinafika kutacha. Titalikokera pamchenga ndinatenga msomali n'kuukanikiza ndi chala pa thabwa loyandikana ndi msana wa boti, mtengo wautali wapansi pakati uja, pansi pa mpando wakumbuyo. Unalowa ngati ukulowa m'chinangwa chophika.

Chitani zimene sindinachite. Pitani ndi msomali wa mainchesi anayi ndi kahamala. Chotsani matabwa opondapo onse. Bayani m'munsi mwa nthiti iliyonse, ija mitengo yokhota imene matabwa amakhomeredwapo. Bayani motsata msana, mtengo wautali wapansi pakati. Bayani m'makona a thabwa lakumbuyo, pamene madzi a mvula amakhalitsa. Thabwa lamoyo limakana msomali ndipo mukaligogoda limalira mokweza. Loola limalira mogonthera. Mizere ya dzimbiri yotsika kuchokera pamitu ya misomali ikutanthauza kuti misomaliyo ndi wamba ndipo ikudyeka mkati. Funani ya galivanaizi kapena ya mkuwa. Phula lochuluka pamalo amodzi likubisa kanthu, palani muone.

Funsani mtengo umene anachekako matabwa. Mlombwa ndi mbawa zimakhalitsa m'madzi, koma zasowa ndipo zakwera mtengo, n'chifukwa chake ambiri akukhomera paini. Boti la paini si loletsedwa, kungoti limaola msanga, ndiye mtengo wake ukhale wolingana ndi zaka zochepa zimene likhale. Ngakhale pa mlombwa, mbali yofiirira ya pamtima ndiyo yolimba. Yoyera ya kunja imaola ndi kufumbwa. Ngati mukukhometsa latsopano, pitani mukaone matabwa asanapakidwe, ndipo kanani aawisi. Amisiri amene anaphunzira ntchitoyi mwadongosolo, monga odutsa ku Mpwepwe ku Mangochi kumene kuli sukulu ya za usodzi ndi malo okhomera maboti, sakwiya mukawafunsa zimenezi.

La faiba siliola, koma lili ndi matenda ake. Pondani pansi ponse. Pofewa ngati siponji ndiye kuti mwalowa madzi. Yang'anani ming'alu m'makona akumbuyo, chifukwa mkati mwa faiba pamenepo mumakhala thabwa lomwe limaola mosaoneka.

5. Liyeseni pamadzi, litasenza

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, chifukwa pamafuna anthu, petulo, tsiku lathunthu, komanso kulimba mtima pamaso pa wogulitsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Uzani mwini boti mwaulemu kuti, "Bambo, petulo ndi wanga, anyamata ndi anga, koma ndalama ituluka tikabwerako." Akakana, musakangane naye, tsazikani.

Ngati boti lakhala pamtunda nthawi yaitali, matabwa amakhala atauma ndipo mipata yatseguka. Liikeni m'madzi masiku awiri kapena atatu kuti afufume, apo ayi mudzalinamizira kuti ndi lobooka. Litafufuma, likapeni mpaka liume madzulo, ndipo m'mawa mukayeze ndi ndowa madzi amene alowa. Boti la matabwa silisowa timadzi, koma ngati lamwa ndowa zambirimbiri lili chiimire padoko, pa mafunde lidzamwa kangapo kuposa apo.

Kenako senzetsani. Tengani nambala ya matumba ija, mudzaze matumba a mchenga kapena zigubu za madzi mpaka kulemera kukwane, kuphatikizapo anthu. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi ndi makilogalamu 20, ndiye kuwerenga sikuvuta. Ikani chilichonse pamalo pamene chimakhala pa ntchito: ukonde pamalo pake, mabwato pamwamba ngati mumawanyamula.

Tsopano yezani mpata wotsala pakati pa madzi ndi mlomo wa boti, pakati penipeni ndi kumbuyo. Mpata umenewu ndiwo moyo wanu. Muyezo umene ine ndimatsata pa boti la mamita 8 kapena 9 ndi mkono umodzi, kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, pafupifupi masentimita 45, litasenza zonse. Ukachepera pamenepo, botilo ndi laling'ono pa ntchito yanu ngakhale likongole bwanji. Mukapeza pamene madzi akulekeza, lembani mzere ndi penti mbali zonse ziwiri. Mzere umenewo udzakuyankhulirani tsiku limene inu mwini mulibe m'boti ndipo anyamata akufuna kuonjezera ndowa zina khumi.

Mukadali pamadzi ofika m'chiuno, uzani anthu onse okoka ukonde apite mbali imodzi n'kuweramira kunja, monga amachitira chilimira chikamatuluka. Mlomo usayandikire madzi. Patsale mpata woposa chikhatho chotambasula. Kenako abwerere pakati mwakamodzi, inu muyang'anitsitse. Boti labwino limadzuka nthawi yomweyo. Limene limazengereza, kukhala kaye chopendekeka ngati likuganiza, ndiye loopsa, ndipo likatero pamadzi abata, funde la cham'mbali lidzaligubuduza. Anthu ambiri amakonda boti loyenda mofewa chonchi poti silitopetsa m'chiuno, osadziwa kuti kufewako ndi chizindikiro choti cholemera chili pamwamba kapena boti ndi lopapatiza.

Thiranimo dala ndowa khumi za madzi, mubwerezenso kupendeketsa kuja. Mudzaona kusintha. Madzi a m'boti sakhala malo amodzi ngati thumba. Amathamangira mbali imene yatsika n'kuitsitsa kwambiri. Ndipo ndi olemera kuposa mmene maso amaonera. Pansi pa boti potalika mamita 6 ndi kutambalala mita imodzi ndi theka, madzi ongofika masentimita 10 ndi malita 900, kulemera kwa matumba 18 a chimanga, onse akuyendayenda. Ndiye onani ngati pali malo otseguka pamene munthu angakape ndi ndowa yathunthu popanda kusuntha ukonde. Boti limene pokapira pake pamakwiriridwa ndi katundu lili ndi vuto lalikulu.

Mukakhutira, dikirani mphepo. Sindikunena tsiku limene a zanyengo achenjeza pa wailesi kuti asodzi asalowe m'madzi. Tsiku limenelo palibe choyesa. Sankhani tsiku la mafunde apakatikati, aliyense avale life jacket, jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, boti lina likhale pafupi, ndipo musatalikire. Woyendetsa akhale munthu wozolowera. Yendani njira zinayi. Choyamba lunjikani mafunde mopatuka pang'ono, pa liwiro lochepa: mphuno ikwere, isabaye. Chachiwiri yendani mowapingasa kwa kanthawi kuti mumve kupendekeka. Chachitatu afulatireni, wina akhale akuyang'ana thabwa lakumbuyo. Apa m'pamene madzi amakwera, ndipo boti lina limayamba kukhotera mbali lokha funde likalinyamula. Chachinayi zimitsani injini, mulisiye, muone mmene likhalire. Injini imazima tsiku loipa, ndiye muyenera kudziwa ngati anthu anayi ndi nkhafi angathe kulozetsa mphuno ku mafunde.

Ikani dzanja pamalumikiziro a matabwa pamene boti likumenya funde. Mukamva akusuntha pansi pa chikhatho, kapena mukaona timadzi tikutumphuka pamzere, misomali yatha mphamvu.

Potsiriza kochezani padoko lanu lenileni. Maboti ambiri amagubuduzika pamtunda pomwe, funde likawatembenuza cham'mbali anthu akutsika. Onani ngati anthu anu angathe kulikoka msanga kulichotsa pamene mafunde akusweka. Boti lolemera kwambiri pa doko lopanda pobisala lidzasweka lili pa nangula.

6. Likadzaza madzi, liyandame

Boti la matabwa likadzaza nthawi zambiri silipita pansi lokha. Chimalikoka ndi injini, mabatire, nangula ndi miyala ya ukonde. La faiba lopanda zoyandamitsa mkati limamira ngati mbale. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: zigubu zopanda kanthu, zotseka bwino. Chilichonse cha malita 20 chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi. Injini ya mphamvu ya mahatchi (horsepower) 15 imalemera pafupifupi makilogalamu 40, ya 40 imaposa 70, ndiye werengani zitsulo zanu zonse, muonjezere za anthu ogwirira. Pa boti la matabwa la chilimira ine sinditsika pa zigubu khumi. Zimangeni ndi chingwe cholimba pansi pa mipando, m'mbali zonse ziwiri, zambiri chakumbuyo. Musaziike pansi penipeni pakati, chifukwa zikatero boti lodzaza limatembenuka chadodolido. Chigubu chosamanga chimangoyandama n'kupita.

Boti likakhala lanu, chotsani injini, muike miyala yolemera mofanana, mulidzaze madzi pamalo osaya kuti anyamata aone ndi maso kuti silimira. Munthu amene anaziona sathawa boti n'kuyamba kusambira kulondola nyali za kumtunda usiku, ndipo ambiri amene timawalira anatsirizika motero.

7. Injini igwirizane ndi boti

Injini zimabwera ndi mwendo waufupi, wa thabwa lokwera pafupifupi masentimita 38, kapena wautali, umene ogulitsa amati long shaft, wa masentimita 51. Pa madzi a Mwera tengani wautali. Waufupi umatuluka m'madzi boti likakwera funde, injini n'kulira mwaukali popanda kukankha, ndiponso ndi umene umachititsa anthu kudula thabwa lija. Pa mphamvu, ya 15 imakwana boti la matchera la anthu ochepa, koma la chilimira lodzaza, lolimbana ndi mphepo, ine ndimalifunira 25 kapena 40, malinga thabwa lakumbuyo ndi lolimba ndipo lili ndi zogwiriziza m'makona. Sankhani mtundu umene makaniko wa padoko lanu amaudziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka. M'madoko ambiri ndi Yamaha.

8. Funsani mbiri yake, lembani pangano

Safunsa anadya phula. Boti lililonse lili ndi mbiri, ndipo amene amaidziwa si mwini wake koma anyamata amene ankakapa madzi m'menemo. Apezeni paokha. Funsaninso a komiti ya pagombe, ija timati BVC, ngati botilo linamirapo, ngati lili pa ngongole kapena pa mkangano wa chuma cha masiye. Ngati muli ndi nthawi, kaimeni padoko m'bandakucha mu Juni kapena Julayi, muone maboti akubwerera. Lina anthu amatsika ali ouma kuchokera m'chiuno kupita kumwamba, lina amatsika akunjenjemera wina akukapabe. Funsani amene anakhoma loyambalo.

Pitani ku ofesi ya za usodzi ya boma lanu mukamve za chiphaso cha zida zanu, ndi kwa a za maulendo a pamadzi pa nkhani yolembetsa ndi kuyendera boti. Musathere ndalama yonse pa boti ndi injini. Patsale ya life jacket ya munthu aliyense, nkhafi zosachepera zinayi, ndowa ziwiri zomangirira, nangula wa chingwe chachitali, tochi, mapulagi a injini apadera, ndi foni yokulunga m'pulasitiki.

Pangano lilembedwe pamaso pa a mfumu kapena wapampando wa BVC, ndi mboni za mbali zonse ziwiri. Lembanimo utali wa boti, mtengo wa matabwa ake, nambala ya injini ngati mukugulira limodzi, ndi zimene wogulitsa walonjeza kukonza. Pemphani kulipira kawiri: gawo lalikulu tsiku lotenga boti, lotsalalo pakatha sabata imodzi likugwira ntchito.